Phunziro: Mtengwa wa Cikristu ndi kacisi wa banja ku Japan

Werengani 2 Mafumu 5:15-19 ndi Danieli 3:8-18

Phunziro la mwezi uno litipititsa kutali, ku dziko la Japan. Ambirife dzikoli timalidziwa cifukwa ca magalimoto ake amene adzaza m'miseu yathu. Za abale athu m'cikhulupiriro a kumeneko sitimamva kawirikawiri, ndipo n'zosadabwitsa, pakuti ndi ocepa ndithu: pa anthu 100 alionse, Mkristu amakhala ngati mmodzi cabe. Malamulo a dzikolo amalola munthu aliyense kupembedza monga afunira. Palibe wapolisi woima pakhomo la chalichi, palibe woponyedwa m'ndende cifukwa conyamula Baibulo. Komabe kuli azimai amene amabwera ku mapemphero zaka ndi zaka, amaimba nao, amapereka nao copereka, koma akafunsidwa za ubatizo amawerama n'kunena kuti ayembekeze kaye, apongozi akali moyo. Cimawamanga n'ciani?

Kabati ka makolo

M'nyumba zambiri za ku Japan, makamaka kumidzi, muli kabati ka matabwa kokongoletsedwa bwino, kokhala ndi zitseko zake. Eni ake amati butsudan. M'kati mwake mumakhala fano kapena cithunzi ca Buddha, ndipo m'mabanja ambiri amaikamonso timatabwa tolembedwa maina a akufa a pakhomopo. M'mawa ulionse munthu wina ayenera kutsegula kabatiko, kuikapo kambale ka mpunga woyamba kupakulidwa ndi kakapu ka madzi kapena tiyi, kuyatsa zofukiza, kuliza kabelu ndi kuphatikiza manja.

Kabati kameneka kamayendera limodzi ndi kacisi wa Cibuda kumene kuli manda a banjalo. Banja lotere amati ndi danka wa kacisiyo. Mvetsetsani bwino apa. Ife timalembedwa m'buku la mpingo aliyense payekha, titavomereza cikhulupiriro ndi pakamwa pathu. Kumeneko lolembedwa ndi khomo lonse, pamodzi ndi akufa ake ndi ana amene sanabadwe. Khomo limapereka ndalama caka ndi caka zosamalira kacisi ndi manda. Denga la kacisi likayamba kudontha, makomo onse amasonkha. Kumidzi makomo amasinthana kusesa pabwalo la kacisi, kuzula udzu ndi kuphika pa masiku a misonkhano. Munthu akamwalira, wansembe wa kacisiyo ndiye amayendetsa maliro ndi kupatsa wakufayo dzina latsopano la Cibuda. Dzinalo limayendera ndi copereka, ndipo likakhala laulemu waukulu, copereka cimakweranso.

Maliro satha tsiku loika. Pali mwambo wa tsiku la 49, wina pakatha caka, ndiyeno ina imene amaiwerenga kuti ndi ya caka ca 3, ca 7, ca 13, mpaka ca 33. Onjezanipo nyengo ya Obon, imene m'madera ambiri imacitika pakati pa mwezi wa Ogasiti, pamene anthu amati mizimu ya makolo yabwera kudzaceza ndipo wansembe amayenda khomo ndi khomo kucita mapemphero ake patsogolo pa kabati. Onjezaninso ulendo wa kumanda m'Malichi ndi m'Sepitembala.

Mwa mwambo, wosunga kabati ndi manda ndi mwana wamwamuna woyamba kubadwa. Koma inu amai mukudziwa kale amene amadzuka m'mamawa kukapakula mpunga uja. Ukwati wacikale wa ku Japan ndi wa citengwa, mkazi ndiye amalowa m'khomo la mwamuna. Tsono nchito yopukuta kabati, yophikira alendo a pa mwambo ndi yolandira wansembe imagwera mtengwa. Akufa amene amawatumikira si a kwao, mwina sanawaonepo n'komwe, koma akaleka tsiku limodzi, apongozi aakazi amaona. Akuluakulu anati kwa eni kumadyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Goli limeneli linacokera kuti?

Cibuda cinafika ku Japan kucokera ku Korea m'zaka za m'ma 500, ndipo kwa zaka pafupifupi 1,000 panalibe lamulo lakuti khomo lililonse likhale ndi kacisi wake. Cingakudabwitseni n'cakuti lamulolo linabwera cifukwa ca Cikristu.

Mu 1549 Francis Xavier wa mpingo wa Katolika anafika ku Kagoshima. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600 Akristu anali pafupifupi 300,000, ena mwa iwo mafumu a zigawo. Olamulira anayamba kuopa kuti pambuyo pa amishonale pakubwera zombo za nkhondo za ku Spain ndi Portugal, ndiponso kuti anthu okhala ndi Mbuye kumwamba sadzamvera mbuye wa pansi pano. Mu 1597 Toyotomi Hideyoshi analamula kuti Akristu 26 apacikidwe pa mitanda ku Nagasaki. Mu 1614 boma la banja la Tokugawa linaletsa Cikristu m'dziko lonse. Mu 1637 alimi a ku Shimabara ndi Amakusa, ambiri mwa iwo Akristu, otopa ndi misonkho ndi cizunzo, anaukira boma. Caka cotsatira anaphedwa pafupifupi onse, anthu ngati 37,000, akazi ndi ana omwe. Pali cinthu pano cimene ife a Reformed sitiyenera kucilumpha: sitima ya amalonda a ku Holland, anthu a Ciprotesitanti, inathandiza boma kuombera linga limene anthuwo anathawiramo. Azungu ena onse atathamangitsidwa, malonda a anthu a ku Holland anapitirira.

Nanga boma lingadziwe bwanji za mumtima mwa munthu? Silingathe. Cimene lingathe ndico kufuna cikalata. Tsono linalamula kuti munthu aliyense akhale wolembedwa ku kacisi wina wa Cibuda, ndipo wansembe azimucitira umboni kuti si Mkristu. Dongosolo limeneli amati terauke. Pofika 1671 mabuku a kaundula wotereyu anali kulembedwa m'dziko lonse, mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo. Popanda cikalata ca kukacisi munthu sankatha kukwatira kumudzi kwina, kusamuka, kuyenda ulendo wautali kapena kulowa nchito. Akamwalira, wansembe ankabwera kudzaona mtembo asanauike. Makomo anawaika m'timagulu ta asanuasanu, kuti likapezeka limodzi lobisa Mkristu, onse alangidwe. Pamphambano za njira panali matabwa olengeza mphoto: wogwiritsa wansembe wa Cikristu ankalonjezedwa ndalama zasiliva 500. Ku Nagasaki ndi madera ena a cisumbu ca Kyushu anthu ankaitanidwa caka ndi caka kudzaponda cithunzi ca Yesu kapena ca Mariya pamaso pa akuluakulu a boma.

Tisafulumire kunena kuti Abuda ndiwo anapindula. Akacisi analemeradi, pakuti wokana kusonkha akanatha kufafanizidwa m'buku, ndipo wofafanizidwa ankaoneka ngati Mkristu. Koma ansembe anasanduka makalaliki a boma, ndipo anthu anazolowera kuona kacisi ngati ofesi ya zikalata ndi maliro. Kufikira lero anthu a ku Japan eni ake amanena monyoza za "Cibuda ca maliro". Ndiponso si Abuda onse amene anali paufulu. Kagulu ka Fuju-fuse, kamene kankakana kulandira mphatso kwa olamulira osakhulupirira ciphunzitso cao, kanaletsedwa ndipo atsogoleri ake anapirikitsidwa. M'cigawo ca Satsuma kagulu kakakulu ka Jodo Shinshu kanali koletsedwa mpaka 1876, ndipo anthu ake ankapemphera usiku m'mapanga. Boma la Tokugawa litagwa mu 1868, mkwiyo umene unasungidwa zaka zambiri unaphulika: akacisi ambirimbiri anagwetsedwa, mafano anatenthedwa, ndipo ku Satsuma sikunatsale kacisi ndi mmodzi yemwe.

Akristu obisala

M'midzi ya asodzi ndi alimi yozungulira Nagasaki ndi pa zisumbu za Goto ndi Amakusa, Cikristu sicinafe. Kwa zaka pafupifupi 250, popanda wansembe, mabanja anasunga cikhulupiriro mobisa. Ku Urakami anali ndi munthu wosunga kalendala ya mpingo, wina wobatiza ana, ndi ena ofikitsa uthenga khomo ndi khomo. Mapemphero ankaphunzitsana pamtima. M'nyumba ankaika fano la Kannon, limene Abuda amalilemekeza cifukwa ca cifundo, koma iwo poliyang'ana ankaganiza za Mariya.

Anthu amenewa anali olembedwa ku kacisi monga wina aliyense. Ankasonkha. Ankaponda cithunzi cija, n'kubwerera kunyumba kukapemphera pemphero la kulapa. Wao akamwalira ankaitana wansembe wa Cibuda monga lamulo linkafunira, koma pambali, kapena iye atacoka, ankacita mapemphero ao amene ankati amafafaniza mau a wansembeyo. Taganizani za mai amene waponda nkhope ya Mbuye wake m'mawa, madzulo ake akuphunzitsa mwana wake Pemphero la Ambuye monong'ona. Ine sindipeza mphamvu zomuweruza. Koma sindinganenenso kuti kubisala kunalibe mtengo wake. Popanda Mau olembedwa ndi aphunzitsi, m'madera ena ciphunzitso cinasakanizika ndi miyambo ya makolo, ndipo ufulu utabwera, mabanja ena anakana kulowa mumpingo, nasankha kupitiriza njira yobisika imene makolo ao anawasiyira.

Nkhani inaphulikira pa maliro

Dziko litayamba kutsegulira alendo, ansembe a Katolika a ku France anamanga chalichi ku Oura, mumzinda wa Nagasaki, ca azungu okha. Pa 17 Malichi 1865 kagulu ka anthu a ku Urakami kanalowamo, ndipo amene analimba mtima kuyandikira wansembe Bernard Petitjean n'kumuululira kuti iwonso ndi a cikhulupiriro comweco anali mai.

Kucokera pamenepo moyo wapawiri unayamba kuwalemera. Mu 1867 anthu a ku Urakami anaika akufa ao osaitana wansembe wa Cibuda, ndipo anauza mfumu ya mudzi poyera kuti sakufunanso za kukacisi. Sananyamule zida, sanakane msonkho wa boma, anangokana maliro a Cibuda basi. Atsogoleri ao anagwidwa ndi kuzunzidwa. Boma latsopano limene linalowa mu 1868 silinacite cifundo: anthu oposa 3,300 anacotsedwa m'mudzi mwao n'kumwazidwa m'zigawo ngati 20, ndipo oposa 600 anafera komweko ndi njala, kuzizira ndi mazunzo. Nthumwi za Japan zimene zinapita ku America ndi ku Ulaya kuyambira 1871 zinkafunsidwa za nkhaniyi kulikonse kumene zafika. Mu 1873 matabwa oletsa Cikristu anazulidwa, ndipo otsala anabwerera kukapeza nyumba zao zitapasuka ndi minda itamera chire. Mmodzi mwa obwererawo, mtsikana Iwanaga Maki, pamodzi ndi anzake ocepa, anayamba mu 1874 kudwazika odwala kamwazi ndi kulera ana amasiye. Patapita zaka, anthu a ku Urakami anagula malo a mfumu ya mudzi, pomwe paja makolo ao ankapondera cithunzi, namangapo chalichi cacikulu. Cinagwetsedwa ndi bomba la atomiki pa 9 Ogasiti 1945, ndipo anacimanganso.

Lamulo linatha, nchito zinatsala

Kaundula wa kukacisi anathetsedwa mu 1871. Malamulo aakulu a dziko amene anayamba kugwira nchito mu 1947 amanena m'ndime 20 kuti munthu asakakamizidwe kutenga mbali m'mwambo ulionse wa cipembedzo. Caka comweco malamulo a za mabanja anasinthidwa, ndipo mwana woyamba analeka kukhala wolowa yekha pa cuma conse. Koma ndime 897 ya malamulo amenewo inapatula manda ndi kabati ka makolo: izi sizigawidwa monga cuma cina, zimapita kwa munthu mmodzi woti apitirize miyambo.

Cingwe colimba koposa ndi manda. Ku Japan pafupifupi mtembo ulionse umatenthedwa, ndipo mafupa amaikidwa m'manda amodzi a banja lonse, amene nthawi zambiri ali pabwalo la kacisi. Mu 1963 khoti la mumzinda wa Tsu linaweruza mlandu wa banja limene linacoka ku kagulu kena ka Cibuda n'kulowa kena. Linagamula kuti kacisi sangakane kuika munthu m'manda a banja lake cifukwa cakuti anasintha cipembedzo, komanso kuti kacisiyo ali ndi ufulu woyendetsa mwambo woika monga mwa ciphunzitso cake. Kwa Mkristu tanthauzo lake n'lakuti angathe kugona pamodzi ndi makolo ake, koma mau otsiriza pamanda pake anganenedwe ndi wansembe wa Cibuda. Wofuna kusamutsa mafupa ayenera kutenga cilolezo ku ofesi ya boma, ndipo cilolezoco cimafuna cikalata cocokera kwa woyang'anira manda, amene pa manda a kukacisi ndi wansembe yemweyo. Akacisi ena amafunanso ndalama zambiri zotsanzikira, ngakhale palibe lamulo lonena zimenezo.

Kunena cilungamo, akacisi nao ali pamavuto. Ku Japan kuli akacisi oposa 70,000, ndipo ambiri a kumidzi akutha mphamvu cifukwa acinyamata anapita kumizinda ndipo ana akubadwa ocepa. Mabanja ambiri osakhala Akristu n'komwe akutseka manda ao ndi kucoka ku kacisi cifukwa cosowa wolowa m'malo. Koma mtengwa wa Cikristu akakana, abale sakumva kuti wakana ciphunzitso ca Buddha. Ambiri a iwo sangathe n'kufotokoza komwe ciphunzitsoco. Cimene akumva n'cakuti wataya agogo, ndipo apongozi amadzifunsa kuti nanga ife tikafa adzatiikira mpunga ndani.

Mayeso ake amaonekera bwino pa maliro. Anthu amanyamuka mmodzimmodzi, mwa dongosolo la cibale, kupita kutsogolo kukatsina zofukiza n'kuziponya pa makala. Onse akuyang'ana. Akristu a kumeneko sagwirizana pa coyenera kucita. Ena amati kumeneko n'kupembedza, ndipo amapita kutsogolo, n'kuima, kupemphera kwa Mulungu camumtima, kulonjera ofedwa ndi kubwerera osakhudza zofukiza. Ena amati ndi ulemu cabe monga kuika maluwa. Abusa ambiri amalangiza kuti munthu afotokozere abale maliro asanagwe, ndiponso kuti akhale woyamba pa nchito zonse zimene cikumbumtima cimulola: kusesa kumanda, kuphika, kusonkha za maliro, kudwazika apongozi. Mipingo yambiri inagula manda akeake, ndipo imakhala ndi mapemphero a caka ndi caka okumbukira amene anatsogola, n'kuitana abale osakhala Akristu kuti adzaone ndi maso ao kuti Akristu saiwala akufa.

Namani ndi anyamata atatu

Ndime ziwiri zimene tawerenga zija zimaoneka ngati zikukokera kosiyana. Sadrake, Mesake ndi Abedinego anauzidwa kugwadira fano pamaso pa khamu, ndipo anakana, osadziwa ngati adzapulumuka m'ng'anjo. Namani, atacira khate, analonjeza kuti sadzaperekanso nsembe kwa mulungu wina, mpaka anapempha dothi la ku Israyeli kuti apite nalo kwao. Koma anali ndi nchito imene sakanatha kuithawa: mfumu yake polowa m'kacisi wa Rimoni inkatsamira pa dzanja lake, ndipo mfumu ikawerama, iyenso ankayenera kuwerama. Anapempha kuti Yehova amukhululukire pa cimeneci. Elisa sanamudzudzule, sanamulemberenso lamulo. Anamulola apite ndi mtendere.

John Calvin analimbana nayo ndime imeneyi, cifukwa m'masiku ake anthu ena a ku France amene anakhulupirira ciphunzitso ca Kukonzanso ankabisala napitirizabe kupita ku Misa, akudzichinjiriza ndi Namani. Calvin anawakanira. Iye anati Namani sanabise kanthu: aliyense akanadziwa amene iye ankamupembedza, ndipo kuwerama kwake kunali kutumikira mfumu, osati kulambira Rimoni. Anyamata atatu aja, kuwerama kwao kukanakhala kuvomereza fano.

Ndikuona kuti kusiyanitsa kumeneku n'kothandiza, ngakhale sikuthetsa zonse. Mtengwa amene apongozi ake akalamba, miyendo yafooka, n'kuwagwira dzanja kuwaperekeza ku kacisi, kapena kuwanyamulira kambale ka mpunga kufika nako pa kabati, ali pafupi ndi Namani, makamaka ngati banja lonse likudziwa kuti iye ndi wa Kristu. Koma tsiku limene apongozi amwalira, kabati n'kukhala m'manja mwake, palibenso dzanja la munthu lotsamira pa iye. Akayatsa zofukiza m'mawa mwake, wayatsa yekha. Akatseka zitseko za kabati, alamu ake adzafuna kudziwa cifukwa cake, ndipo mwamuna wake, amene nthawi zambiri si Mkristu, adzakhala pakati.

Zokambirana m'magulu

Anthu a ku Urakami anapirira kuponda cithunzi kwa mibadwo yambiri, koma anadzaima nji pa nkhani ya maliro. Muganiza kuti cinasintha n'ciani pakati pa 1865 ndi 1867?

Pa nchito za mtengwa zimene zachulidwa m'phunziroli, ndi ziti zimene mungamulangize kuti azicita ndi mtima wonse, ndi ziti zimene mungamuuze kuti aleke, ndipo ndi ziti zimene inu eni mwasiyana maganizo m'gulu lanu?

Ngati pakhomo panu pali mtengwa, mkamwini, wanchito kapena mwana wolera wa cipembedzo cina, pali zimene amacita nao pa mapemphero a banja cifukwa coopa kukana? Munamufunsapo?